Maso a Nkhono ndi Timagetsi ta Rauta

Nkhono ili ndi maso, koma si onse anawaonapo. Amakhala kunsonga kwa tinyanga tiwiri titalitali ta pamutu pake, timadontho takuda tovuta kutiona. Mwana akaipeza m'munda mvula itangokata, amathamangira kuitosa ndi kamtengo kuti iyende, ndipo iyo imabweza tinyangato n'kulowa m'chigoba. Akaitosanso imalowereratu. Amene amawaona masowo ndi uja amanyonyomala pambali, manja atapinda, mpaka nkhonoyo itayiwala kuti pali munthu. N'chifukwa chake akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwambiwu timakonda kutonthozera munthu amene akudikira: wodikira malipiro ochedwa, wodikira chigamulo cha kubwalo, wodikira mvula yobzalira. Tikamatero timaudula pakati. Wofuna maso a nkhono sangodikira, amayang'anitsitsa. Atati adikire akuwodzera, nkhono itulutsa maso, iwabweza, n'kumapita, iye osaona kanthu. Masiku ano kwabwera kanthu kena kofuna kudekha kwa mtundu womwewo, nakonso ka tinyanga tiwiri. Kwa Kadewere, m'boma la Chiradzulu, mukapeza kopachikidwa pamsomali m'nyumba za aphunzitsi, za alangizi, za ochita malonda, ndi za makolo amene ali ndi ana ku Joni.

Ku America ndi mbali zina za ku Ulaya, intaneti inalowa m'nyumba zambiri kudzera pa chingwe chomwe chinkabweretsa kale wailesi ya kanema. Chingwecho chimafikira m'kabokosi kotchedwa modemu, ndipo modemuyo imapatsira kabokosi kachiwiri, rauta, komwe ntchito yake ndi kugawira mafoni ndi makompyuta a m'nyumbamo. Ndondomeko yake, yotchedwa DOCSIS, inatuluka mu 1997, nthawi imene kuno foni ya m'manja inali ya mabwana okha. Chingwe chotero kwa Kadewere kulibe. Kuno mabokosi awiri aja anatifikira ataphatikizidwa kale: ka MiFi kolowa m'thumba la shati, kapena rauta yoika simu imene inabwera pa basi pamodzi ndi bulangete ndi chigubu cha mafuta ophikira. Komabe m'kati mwake ntchito ndi ziwiri zomwe zija. Mbali imodzi imalankhula ndi nsanja ya kampani, mbali inayo imalankhula ndi mafoni a pakhomo. Mikangano yambiri ya madzulo imabadwa chifukwa choti eni ake sadziwa kuti muli mbali ziwiri.

Taonani zimene zimachitika intaneti ikaduka. Mtsikana wa pakhomo ali pakati polemba fomu yopempha ngongole ya sukulu ya ukachenjede, tsiku lotsekera ndi mawa, kenaka kachizindikiro kaja kayamba kuzungulira osaima. "Ababa, yathawanso." Bambo adzuka. Atenga ka MiFi, akagwedeza, achotsa simu, aiuzira mpweya, aipukuta pa thalauza, aibwezera. Akathimitsa n'kukayatsa nthawi yomweyo. Atuma mnyamata kukagula mayunitsi kwa ejenti, poti mwina bandulo yatha. Mnyamata asanabwere iwo ali kale panja, mkono uli m'mwamba, akuzungulira mtengo wa mango. Pakapita kanthawi intaneti ija balamanthu. Aliyense akondwa. Koma tafunsani chimene chachiza: mpweya uja, mayunitsi, mtengo wa mango, kapena yangobwera yokha? Palibe akudziwa, ndipo mawa ikadukanso mwambo wonse uyambira poyambirira. Pawiripawiri sipauzirika, nanga panayi panayi?

Amisiri a zimenezi, kaya ali ku Limbe kaya ku London, amayambira pamodzi: usanakhudze, yang'ana, ukayamba kukhudza, sintha chinthu chimodzi, udikire, uone chachitika. Kabokosi kaja kali ndi timagetsi kutsogolo kwake, kena konena za moto, kena za nsanja, kena za Wi-Fi. Mitundu imasiyana malinga ndi amene anapanga, koma kawirikawiri kakafiira psuu zinthu sizili bwino, kakabiriwira kapena kukhala buluu zili bwino. Kuti intaneti yathawa aliyense waona kale. Chofunika kuona ndi kagetsi kamene kasintha pa mphindi yeniyeni imene yathawayo, ndipo mphindi imeneyo siuza munthu kuti ikubwera. Uyenera kuikhalira pansi.

Foni ndiyo imanamiza anthu ambiri. Kachizindikiro ka Wi-Fi kakhoza kudzaza, timizere tonse tili ndii, pomwe intaneti kulibe. Sikuti foniyo yapenga. Timizereto timangonena kuti foni ndi rauta zikumvana, ndipo zingalephere bwanji kumvana zitatalikirana mikono iwiri yokha? Za ulendo wochoka pa rauta kukafika kunsanja, kuchoka kunsanja kukafika ku Blantyre, kuchoka ku Blantyre kukafika kunyanja ya mchere, timizereto sitidziwapo kanthu.

Moto ndiwo anthu sauganizira. Pali nyumba ina kumene intaneti inkaduka madzulo alionse cha m'ma 7 koloko, n'kubwerera yokha, n'kudukanso. Pakhomopo mlandu anali atagamula kale: kampani ikuba. Mdzukulu wina wobwera kutchuthi sanatsutse. Anangokoka kampando n'kukhala moyang'anizana ndi rauta.

"Kodi iwe, ukuonera kanema pamenepo?"

"Iyayi anganga, ndikufuna ndione m'mene ikufera."

Nthawi itakwana timagetsi tonse tinathima limodzi, zii, kenaka n'kuyamba kuyaka kamodzikamodzi. Nsanja ikavuta sizitero, kagetsi ka moto kamakhalabe koyaka. Tonse tikathima ndiye kuti kabokosi kakomoka n'kutsitsimukanso. Nyumbayo inkayendera sola. Batire linali lokalamba, ndipo dzuwa likalowa, mababu atayatsidwa, wailesi ya kanema ili mkati mwa nkhani, mafoni a pakhomo ndi a anansi ali pa chaja, mphamvu inkatsika kufika poti rauta, imene inkafuna mavolti 12 osagwedera, inkalephera kupirira. Wakuba uja anali pansi pa tebulo, atavindikiridwa ndi chitenje kuti ana asamuseweretse. Paja chala sichiloza mwini. Zoterezi zimachitikanso ndi adaputa ya pamsika yosagwirizana ndi rauta, kapena soketi yogwedera imene imasiya kugwira wina akangomenyetsa chitseko.

Kutentha nakonso kuli ndi mlandu wake. Mwezi wa Okutobala, pansi pa malata opanda siling'i, ka MiFi kosiyidwa pa chaja usana ndi usiku kamatentha mpaka kuwotcha dzanja, ndipo kakatero kamachepetsa liwiro kapena kudzithimitsa kokha. Mukaona chivindikiro chakumbuyo chikukana kutsekeka, batire latupa. Limenelo si lomanga ndi mphira ayi, ndi lochotsa, chifukwa likhoza kuyaka.

Ndiye pali nkhani ya malo, imene anthu akale ankaidziwa bwino kuposa ife. Mafunde a foni sadutsa malata, khoma la njerwa limawafooketsa, phiri limawatchinga. Boma la Chiradzulu ndi la mapiri ndi zigwa, phiri lake lalikulu ndi la mamita 1,773, ndipo nyumba ya kumtunda ndi nyumba ya kufupi ndi dimba sizilandira zofanana ngakhale zikhale za banja limodzi. TNM inayamba mu 1995, Celtel, yomwe lero ndi Airtel, mu 1999, ndipo mafoni atayamba kufika m'midzi nsanja zinali zowerengeka. Masiku amenewo mudzi uliwonse unali ndi chulu chake. Aliyense ankadziwa kuti ukaima pa chulu chakuti, utayang'ana kwakuti, foni imagwira, koma ukasuntha mapazi awiri yatha. Agogo osadziwa kuwerenga ankakulozera pamalo penipeni. Palibe anawaphunzitsa za mafunde. Anayesa malo, anaona, anakumbukira. Nsanja zitachuluka nzeru imeneyi tinaitaya, mwakuti lero rauta timaiika pamene pali soketi, kapena pamwamba pa kabati ya mbale kuti alendo aione, pomwe malo ake ndi pazenera loyang'ana kunsanja, pamwamba, patali ndi malata ndi wailesi. Kachilembo ka pakona ya foni kamathandiza kupeza malowo. Kakakhala pa 4G osasuntha mwapeza. Kakamadumphadumpha pakati pa 4G, H+ ndi 3G, nthawi zina n'kugwera pa E, ndiye kuti muli kumalire kwa mphamvu ya nsanjayo, ndipo kudumphako n'kumene kumadula mawu a mwana wa ku Johannesburg ali pakati pofotokoza za ndalama. Ena amathana nazo pogula eyala yapanja n'kuikweza pa nsungwi yaitali, ngati rauta yawo ili ndi polumikiza.

Anzathu a mabokosi awiri aja, akafuna kudziwa wolakwa, amachotsa rauta n'kulumikiza kompyuta ku modemu mwachindunji. Intaneti ikayenda, wolakwa ndi rauta. Ikakana, vuto lili pa modemu kapena pa chingwe, mwina polumikizira pamasuka, mwina palowa madzi. Ifenso tili nayo njira yathu yofanana nayo, ndipo siitenga ndalama. Chotsani simu mu rauta, muiike m'foni, muime pamalo omwewo. Ikayenda bwino, kabokosi ndiko kakudwala. Ikakana, tumani mwana kwa anansi amene ali ndi simu ya kampani yomweyo akafunse ngati kwawo ikuyenda. Ngati kwawo ikuyenda, yang'anani simu yanu ndi bandulo yanu. Ngati nawonso ali kakasi, khalani pansi, vuto latuluka m'nyumba mwanu. Funso lililonse limadula mlandu pakati, ndipo mafunso atatu kapena anayi amakwana kuti wolakwa atsale yekha.

Kuthimitsa n'kuyatsanso si zamatsenga, ngakhale ambiri amachita ngati akuwombeza. Rauta ndi kakompyuta kakang'ono. Kakagwira ntchito masiku ambiri osapuma kamasokonezeka, ndipo kakadzuka kamakadzionetsanso kunsanja n'kupatsidwa adiresi yatsopano. Koma kamafuna kathimedi, masekondi ngati 30 kuti moto wotsalira m'kati uthe, kenaka mphindi ziwiri kapena zitatu kuti kapeze nsanja. Wopupuluma amakathimitsanso kali pakati podzuka, n'kumati kawonongeka. Woposa apo ndi uja amapeza kabowo kakang'ono kakumbuyo kolembedwa kuti reset, n'kutenga phini. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kabowo kameneko kamafufuta zonse: dzina la Wi-Fi, pasiwedi, ndi makonzedwe a APN amene amauza rauta khomo lolowera pa netiweki ya kampani. Rauta yochokera kunja, imene mmisiri wina anaikonza kuti igwire simu ya kuno, ikhoza kuiwala zonse zimene anaiphunzitsa. Vuto lomwe likanatha lokha pofika m'mawa lasanduka ulendo wa kabaza ndi minibasi wopita ku Limbe.

Za bandulo si zochedwapo, aliyense amazidziwa. Pasiwedi inaperekedwa kwa alamu tsiku la chinkhoswe, alamu anapatsa mnzawo, ndipo madzulo kuseri kwa khoma kuli anyamata atatu ali duu, nkhope zikuwala. Mafoni nawo amadya okha mwini ali m'tulo, kutsitsa mapulogalamu atsopano ndi vidiyo iliyonse ya maliro ndi ya mpira imene yaponyedwa pagulu la WhatsApp. Rauta ili ndi tsamba lake loonetsa mafoni onse olumikizidwa. Pa zambiri za Huawei mumalipeza polemba 192.168.8.1, pa zina nambala yake imalembedwa kunsi kwa kabokosi. Kusintha pasiwedi ndi ntchito ya mphindi imodzi. Chovuta ndi kudzakumana ndi alamu aja mawa lake, koma pamenepo palibe mmisiri angakuthandizeni.

Tsono tiyerekeze kuti timagetsi tonse tili bwino, bandulo ilipo, akuba palibe, koma tsamba likutseguka ngati silifuna. Nsanja ili ngati mjigo wa pamudzi: madzi ake ndi omwewo m'mawa ndi madzulo, chimene chimasintha ndi kutalika kwa mzere wa zidebe. Anthu onse amene nsanjayo ikuwafikira amagawana mphamvu imodzi. Dzuwa likalowa aliyense wabwera kumunda, wadya, watenga foni. Tsiku la msika anthu a midzi khumi amaunjikana pansi pa nsanja imodzi, ndipo n'chimodzimodzi pa maliro aakulu, kapena pa 15 Januwale khamu likasonkhana ku PIM kukumbukira John Chilembwe. Kuyesa kwake n'kosavuta, kungoti kumafuna kudzuka: tsegulani tsamba lomwelo 4 koloko m'bandakucha. Likathamanga, rauta yanu ilibe mlandu. Makampani amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mabandulo a usiku amatchipa. Mtsikana wa fomu uja akanauzidwa zimenezi, akanagona msanga n'kudzuka ndi tambala woyamba.

Kuchoka apa mwini nyumba alibenso chogwira, koma ali nachobe choona. Nsanja nayo imadya magetsi. Akathima imayendera mabatire, mabatire akatha jenereta, jenereta imafuna dizilo, ndipo dizilo amafuna ndalama zakunja ndi msewu woti galimoto idutse. Netiweki imene imathawa patapita maola angapo magetsi atathima, n'kubwerera magetsi akangoyaka, ikukuuzani poyera kuti mabatire a kunsanja ndi otopa kapena jenereta ilibe mafuta. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi makinawo asanayambenso kugwira ntchito. Mu Malichi 2023 Freddy anagwetsa mapolo, anakokolola milatho, anakwirira midzi, kuphatikizapo ya m'boma lomwe lino la Chiradzulu, ndipo anthu amene ankafunitsitsa kuimba foni kuposa wina aliyense ndi omwe foni zawo zinali zii. Palinso tsoka lochita kupangidwa ndi manja: oba mabatire ndi dizilo kunsanja, ndi okumba nthambo poganiza kuti apezamo kopa wogulitsa. Mu nthambo za masiku ano muli timaulusi ta galasi topanda msika uliwonse. Wakubayo amabwerera chimanjamanja, koma boma lonse walisiya atalidula.

Nthambo zimenezi siziima m'malire a dziko lathu. Malawi alibe gombe la nyanja ya mchere, choncho uthenga wochoka kwa Kadewere kupita ku Cape Town kapena ku Dublin umadutsa m'dziko la eni, ku Mozambique, ku Tanzania kapena ku Zambia, kuti ukapeze zingwe zoyalidwa pansi pa nyanja ya Indian, monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri zonsezi zinaduka pafupi ndi gombe la South Africa, kumpoto kwa Durban, ndipo akatswiri anaganizira nangula wa sitima. Intaneti inafooka ku Tanzania, Kenya, Uganda, Rwanda, Mozambique ndi kuno kwathu. Anachita kutumiza sitima yokonza zingwe, Léon Thévenin, kuti ikavuule nsonga zoduka n'kuzilumikiza, ntchito imene inatenga milungu. Tsiku limenelo ndithu panali bambo wina kwa Kadewere amene anauzira simu mpweya, n'kukalipira mnyamata kuti ndiye wamaliza bandulo.

Kuti uthenga uli ndi njira yake, ndi kuti njirayo ili ndi poduka, anthu a boma lino anadziwa kalekale. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, otsatira a Chilembwe atanyamuka ku Mbombwe, ena mwa iwo anakadula nthambo za lamya, kuphatikizapo ya pakati pa Blantyre ndi Mikolongwe, kuti mbiri ichedwe kuwafika atsamunda. Anali anthu opanda lamya m'nyumba zawo, koma ankadziwa kumene waya ukuchokera, kumene ukupita, ndi chimene chingachitike ataudula. Waya wa nthawi imeneyo unkaoneka, unali pa mapolo m'mbali mwa njira, ndipo ukaduka wokonza ankayesa siteshoni ndi siteshoni mpaka atadziwa chigawo chimene chafa, kenaka n'kuyenda wapansi kutsata mapolo. Wathu ndi wosaoneka: mbali ina ili mumlengalenga, ina pansi pa nthaka, ina pamwamba pa nthambo za magetsi, ina pansi pa nyanja. Posauona, tinayamba kuutenga ngati nyengo, chinthu chongobwera n'kupita popanda mwini. Ngakhale Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023 ndipo imalambalala nsanja polankhula ndi masetilaiti, ili ndi poduka pake: nthambi ya mtengo yotchinga mbale, mvula yamphamvu, ndi batire lija la pansi pa tebulo.

Apa ndi pamene kudekha kwathu kumandikayikitsa. Mawu akuti "netiweki yavuta" anasanduka chitseko chotsekera nkhani iliyonse. Amanenedwa kubanki, kwa ejenti, kuofesi yolembetsa zitupa, kuchipatala, ndipo womva amangoti "chabwino" n'kukhala pansi pa mtengo. Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, mlimi ankayenera kuonetsa chitupa cha unzika kuti foni ya wogulitsa ichiwerenge, ndipo dziko lonse linamva za anthu ogona m'misika ya feteleza chifukwa cha netiweki, mvula ili pafupi. Nthawi zambiri zinali zoona. Koma mawu amene nthawi zambiri amakhala oona ndiwo abwino kubisalamo. Kalaliki amene foni yake yatha moto, amene bandulo ya ofesi sanagule, amene akufuna apume, kapena amene akufuna mzere utope kuti ena alowere kukhomo lakumbuyo, onsewa ali ndi chonena chimodzi chomwecho, ndipo palibe amene angawatsutse chifukwa palibe amene anaphunzira kufunsa kuti yavutira pati. Mayi wa m'mzere atati afunse mwaulemu kuti, "Achimwene, nanga foni yanuyo ikuonetsa chiyani? Poti ya anzanu pawindo linalo ikugwira," zinthu zina zikanayenda msanga. Timatamandidwa kuti ndife anthu opirira, ndipo n'zoona. Koma wopirira amene sanaone kanthu, tsiku lofunsidwa kuti anene dandaulo lake amangoti zinthu sizikuyenda, ndipo dandaulo lotero limayankhidwa ndi mawu akuti pepani, tikukonza.

Woyang'anitsitsa amafika ndi zina. Mukaimba ku kampani n'kunena kuti intaneti ikuvuta, wa mbali inayo, amene walandira kale mafoni otero ambirimbiri kuyambira m'mawa, adzakuuzani kuti muthimitse n'kuyatsanso. Koma mukati simu mwaiyesa m'mafoni awiri, anansi a kampani yomweyo nawonso akudandaula, vuto limayamba patapita maola awiri magetsi atathima ndipo limatha akayaka, komanso lachitika masiku akutiakuti, mwamupatsa chinthu choti alembe n'kutumiza kwa amisiri, ndipo inu muli ndi chifukwa chopemphera nambala ya dandaulo lanu. Lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la mu 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA, lamulo la mu 2016 linaliwonjezera mphamvu, ndipo ina mwa ntchito zake ndi kumva madandaulo a ogula amene kampani yalephera kuwathandiza. Lamulo la mu 2016 lomwelo linabweretsa thumba la Universal Service Fund, lothandizira kufikitsa mafoni ndi intaneti kumadera amene makampani saonako phindu. Zonsezi zimayendera zolembedwa. Bandulo ya sabata imodzi imene yatha nthawi netiweki itagona masiku atatu ndi ndalama yeniyeni, ya nandolo weniweni amene wina anasenza kupita naye kumsika, koma popanda tsiku ndi ola palibe angaiwerengere.

Kope la masamu lotsala kwa mwana limakwana. Tsiku, ola limene yathawa, ola limene yabwerera, kagetsi kamene kanasintha, magetsi analipo kapena ayi, kunja kunali mvula kapena chiperoni. Pakatha mwezi kopelo limayamba kuonetsa zimene mutu sukanasunga. M'misonkhano ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya m'dera timakambirana za mijigo, za milatho, za midadada ya sukulu, koma za nsanja sizilowa m'ndandanda, chonsecho ndalama za ku Joni, zotsatira za mayeso, malipoti a kuchipatala ndi feteleza zonse zikudutsa pamenepo. Makope atatu otere, la mphunzitsi, la ejenti ndi la mlangizi wa zaumoyo, akagwirizana masiku ndi maola, agulupu ali ndi choti apite nacho kwa Mfumu Kadewere, ndipo kalata yochokera kumeneko ikhoza kutchula nsanja yake, mwezi wake ndi maola amene anthu analipira osalandira kanthu.